Mmene Mungaphunzirire Mbiri ya Wang Yangming, Nduna ya Ufumu wa Ming ku China

Yambani ndi mayina ake, chifukwa zolemba za boma zimamutchula kuti Wang Shouren, pamene Yangming ndi dzina limene anadziwika nalo ngati mphunzitsi, ndipo wosadziwa angayese kuti ndi anthu awiri. Anabadwira ku Yuyao m'chigawo cha Zhejiang mu 1472, namwalira mu 1529.

Kenaka mvetsani mayeso amene ankalowetsa munthu ntchito ya boma. Mayesowo ankachokera m'mabuku a chiphunzitso cha Confucius, mphunzitsi wamkulu wakale wa ku China, monga anawamasulira katswiri wina wakale, Zhu Xi, amene ankaphunzitsa kuti choonadi chimapezeka pofufuza chinthu chilichonse pachokha. Bambo ake a Wang anaposa anzawo onse pa mayeso a 1481, koma mwanayo analephera kawiri mayeso a kulikulu asanakhoze mu 1499. Mbiri yake imanena kuti ali mnyamata anakhala pansi kuyang'anitsitsa nsungwi masiku 7 kuti apeze choonadi chimene Zhu Xi ankanena, koma anangodwala osapeza kanthu.

Pamene muyenera kukhalitsa ndi pa zaka za 1506 mpaka 1509. Wang atateteza nduna zimene zinatsutsa Liu Jin, mdindo wofulidwa amene anali ndi mphamvu kunyumba ya mfumu, anakwapulidwa ndodo 40 n'kupirikitsidwira ku Longchang m'chigawo cha Guizhou, kukayang'anira kamalo kosinthirapo akavalo a amithenga. Kumeneko, kutali ndi mabuku ndi anzake ophunzira, anatsimikiza kuti kudziwa chabwino kuli kale mumtima mwa munthu, ndiponso kuti kudziwa ndi kuchita sizilekana. Muwerenge mfundo zimenezi pamodzi ndi zimene zinkamuchitikira, pakuti amene amazichotsa m'nkhani ya chilango chake amaziona ngati maloto a munthu wosadziwa mavuto, zimene si zoona.

Buku loyenera kutsegula ndi Chuanxilu, mmene ophunzira ake, kuyambira Xu Ai, anasonkhanitsamo zokambirana ndi makalata ake. Pambali pake muike ntchito zake zankhondo, makamaka mmene anagonjetsera kalonga wa Ning, Zhu Chenhao, amene anaukira mfumu mu 1519 n'kugwidwa pankhondo ya kufupi ndi nyanja ya Poyang. Musazilambalale nkhondozi, ngakhale zina zinali zopondereza anthu wamba oukira a kumapiri, chifukwa mphunzitsi wa chikumbumtima ndi mkulu wankhondoyo anali munthu mmodzi.

Potsiriza tsatirani zimene zinachitika atamwalira. Adani ake kunyumba ya mfumu anamulanda maulemu n'kudzudzula chiphunzitso chake, koma maulemuwo anabwezedwa mu 1567, ndipo mu 1584 dzina lake linaikidwa m'kachisi wa Confucius. Chiphunzitso chake chinafikanso ku Japan. Kumeneko, yambani ndi Nakae Toju, mphunzitsi amene anachitsatira, kenaka muwerenge za Oshio Heihachiro, wotsatira chiphunzitsochi amene anatsogolera kuukira mumzinda wa Osaka mu 1837 pa nthawi ya njala.