Windows ikakana kulowa mu laputopu, yambani mwaona pomwe yaima

Laputopu ikakana kulandira Windows yatsopano, ambiri amathamangira kufufuta disiki yonse kapena kugula ina. Musafulumire. Yambani mwaona pomwe ntchito yaima: kodi laputopu sikuiona n'komwe fulashi imene mukuikira Windows, disiki ndi imene sikuoneka, kapena zikuima mafayilo ali mkati mokopedwa? Uthenga umene watuluka pa sikirini muujambule ndi foni, chifukwa ndi umene ukulozereni pomwe pali vuto. Mafayilo anu ofunika akhale atasungidwa kale kwina, chaja ikhale yolumikiza, ndipo ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, sungani kiyi yake ya manambala 48.

Nthawi zambiri cholakwika chimakhala fulashi. Ikhale ya 8 GB kapena kuposerapo, ndipo muikonze ndi pulogalamu ya Media Creation Tool kapena ya Rufus. Kungokopera fayilo ya ISO (fayilo imodzi imene muli zonse zoikira Windows) pa fulashi ngati fayilo wamba sikuthandiza. Komanso fulashi yofomatidwa mu FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, pomwe install.wim, fayilo yaikulu ya mu ISO ya Windows 11, imaposa pamenepo, choncho amene amakopera pamanja amatsala ndi mafayilo osakwanira. Mukayatsa laputopu, dinani batani losankhira poyambira: F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP, Esc pa Asus. Fulashi ikapanda kuoneka, yesani khomo lina la USB.

Pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi pamene afika posankha disiki n'kupeza palibe chilichonse. Apa m'pomwe ena amagula disiki yatsopano ya SSD pachabe. Malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo amabwera VMD kapena RST (njira za Intel zoyendetsera disiki) ili yoyatsa, ndipo pulogalamu yoikira Windows imasowa dalaivala wake, kapulogalamu koithandiza kuona disikiyo. Njira yabwino n'kutenga dalaivala wa Intel Rapid Storage Technology pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo, kumasula mafayilo ake pa fulashi yomweyo, kenako kudina Load driver. Njira ina n'kulowa mu BIOS, tsamba la masetingi a laputopu limene mumalowamo Windows isanayake, n'kuzimitsa VMD kapena kusankha AHCI m'malo mwa RST. Koma chenjerani, ngati mukufuna kusunga Windows yakale pa disikiyo, kusintha kumeneku kungailepheretse kuyaka. Disiki ikapanda kuoneka ngakhale mu BIOS momwe, pokhapo ndiye mutsegule laputopu, mutazimitsa ndi kuchotsa batire, n'kuona ngati SSD yakhala bwino m'malo mwake.

Uthenga wakuti Windows singaikidwe pa disikiyi chifukwa ndi ya MBR kapena GPT (njira ziwiri zogawira disiki) sukutanthauza kuti disiki yafa. Mu BIOS muli njira ziwiri zoyatsira laputopu: UEFI imayendera limodzi ndi GPT, pomwe Legacy imafuna MBR. Pa Windows 11 sankhani UEFI. Kuti disiki isinthidwe kukhala ya GPT, muli mu pulogalamu yoikira Windows dinani Shift ndi F10 pamodzi, lembani diskpart, kenako list disk. Yang'anitsitsani kukula kwa disiki iliyonse, chifukwa fulashi yanu nayo ili pamndandanda womwewo. Lembani select disk ndi nambala yoyenera, kenako clean, pomaliza convert gpt. Lamulo la clean limafufuta zonse osafunsanso kachiwiri.

Zikaima pakati n'kutuluka 0x8007025D, ndiye kuti mafayilo akufika owonongeka. Yerekezerani SHA256 (nambala yotsimikizira kuti fayilo ndi yathunthu) ya ISO yanu ndi imene Microsoft inalemba, konzaninso pa fulashi ina, ndipo zikabwerezabe yesani RAM (memore ya laputopu) pogwiritsa ntchito pulogalamu ya MemTest86. Ngati muli timitengo tiwiri ta RAM, chotsani kamodzi muyesenso.

Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), laputopu yotha kugwiritsa ntchito Secure Boot (chitetezo cha poyaka), RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB. Nthawi zina TPM imakhala ilipo koma yozimitsa. Mu BIOS muifune pa dzina la PTT ngati purosesa ndi ya Intel, kapena fTPM ngati ndi ya AMD. Laputopu yakale imene ilibiretu TPM, ndi bwino kuiikira Linux Mint kapena Ubuntu, zimene zimalowa m'malo mwa Windows, kusiyana n'kubwerera ku Windows 10, imene Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025.

Laputopu ikazima n'kuyakanso yokha koyamba mafayilo atatha kukopedwa, zulani fulashi. Mukaisiya, ena mwa malaputopu amayambiranso pa fulashi pomwepo n'kukubwezerani pa tsamba loyamba lija, inu n'kumaganiza kuti zakanika pomwe Windows yalowa kale.