Kufufuza mbiri ya agogo amene anali mu RAF Bomber Command

Mwafunsa za agogo anu amene ankayenda m'ndege zoponya mabomba za gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Britain (RAF) pakati pa 1939 ndi 1945.

Yambani kunyumba: funani makalata, logbook (buku lawo lolembamo maulendo a pandege), makamaka nambala yawo ya usilikali, poti mayina amafanana.

Kenako pemphani fayilo yawo ya usilikali kudzera pa GOV.UK, webusayiti ya boma la Britain. Mmenemo mupeza squadron yawo (gulu la ndege limene ankagwiramo ntchito).

Mukaidziwa, fufuzani mabuku a AIR 27 (olembamo zochitika za squadron iliyonse) ku The National Archives, malo osungira zolemba zakale za boma, ku Kew mu London. Apa musathamange. Kawirikawiri ulendo uliwonse unkalembedwa: tsiku, ndege, malo amene anakaphulitsa, ndi mayina a anzawo, kawirikawiri anthu 7 mu ndege ya mtundu wa Lancaster. Mabanja a anzawowo mwina akusunga zithunzi.

Ngati sanabwerere, onani mayina a omwalira ku Commonwealth War Graves Commission (bungwe losamalira manda a asilikali) ndi ku International Bomber Command Centre (malo a chikumbutso mu mzinda wa Lincoln).