Tsekaninso SIM khadi, osati foni yokha

Anthu ambiri amatseka foni ndi chala kapena nambala yachinsinsi, koma amaiwala kuti wakuba akhoza kuchotsa SIM khadi, kuiika mu foni ina, n'kuyamba kulandira mauthenga otsimikizira ochokera kubanki ndi ku WhatsApp. Lowani mu Settings, mufufuze pamene palembedwa SIM lock kapena SIM PIN, muiyatse, ndipo musinthe nambala imene khadiyo inabwera nayo, chifukwa nambala zoterozo sizivuta kuzidziwa.

Mukalakwitsa PIN katatu, khadiyo imatsekeka mpaka mutalemba PUK, yomwe imakhala ndi manambala 8 ndipo kawirikawiri imasindikizidwa pa pulasitiki imene munathyolapo khadiyo. Pamenepa musalembe mongoganizira, popeza PUK ikalakwika maulendo 10 khadiyo imafa ndipo mumayenera kukatenga ina kukampani yanu ya foni.