Momwe parishi ya Anglican ingalandirire othawa kwawo ngati eni mpingo

Mpingo wa Anglican muno m'Malawi unayamba ndi anthu opulumuka ndi othawa. Mu Julaye 1861, ulendo wa Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya Anglican yotchedwa Universities' Mission to Central Africa (UMCA), womwe unkatsogozedwa ndi David Livingstone, unakumana ndi mdipiti wa akapolo ali m'magoli pamudzi wa Mbame, ndipo anthu 84 amene anamasulidwa tsiku limenelo, pamodzi ndi ena amene ankathawa nkhondo zogwira akapolo, ndiwo anadzaza mudzi woyamba wa mishoni ku Magomero. Choncho parishi imene ikufuna kutumikira othawa kwawo lero sikuyamba ntchito yachilendo, ngakhale kuti njira yake iyenera kuganiziridwa mwatsopano.

Chinthu choyamba chofunika kukonza ndi maganizo athu. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwambi umenewu umatiphunzitsa kupirira mlendo wa masiku awiri. Koma msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, womwe uli m'dera la Dayosizi ya Lake Malawi, makilomita oposa 40 kuchokera ku Lilongwe, unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale anali ndende ya akaidi a ndale, ndipo ena mwa ana amene anabadwira pamenepo tsopano ali ndi ana awo. Malo amene anakonzera anthu pafupifupi 12,000 akusunga anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Munthu amene wakhala nanu zaka 20 si mame. Parishi ikamuona ngati wodutsa imamupatsa thumba la ufa n'kumuiwala, pamene ikamuona ngati Mkhristu wokhala nayo imamulemba m'kaundula, imamupatsa ntchito ndipo imamufunsa chopereka monga imafunsira wina aliyense.

Musanachite kanthu, dziwani lamulo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo, koma linakana kumangidwa ndi ndime zina, kuphatikizapo za ufulu woyenda ndi kukhala kulikonse komanso wogwira ntchito yolipidwa, ndipo lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Tanthauzo lake pa moyo wa tsiku ndi tsiku n'lakuti munthu wolembedwa ngati wothawa kwawo amayenera kukhala pamsasa, ndipo akafuna kutuluka amapempha chilolezo kwa oyang'anira msasawo. Mu 2023 boma linalamula kuti onse amene ankakhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mazana a anthu anagwidwa ku Lilongwe n'kusungidwa kaye kundende ya Maula. Choncho wansembe amene akufuna kuitana kwaya ya pamsasa kudzaimba pa misa ya Pasaka, kapena amayi a Mothers' Union amene akufuna kutenga anzawo kupita nawo kumsonkhano wa dayosizi, ayambe alemba kalata kwa oyang'anira msasa, kutchula mayina, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, ndipo kalata yoyankhayo ikhale m'galimoto. Kuchita zinthu mwachidule pamenepa sikuika wansembe pamavuto koma mlendo amene apolisi angamutsitse pa rodibuloko. Mofananamo, gulu la mpingo lisamangotulukira pamsasa. Lidziwitse akuluakulu a pamalopo, omwe ali pansi pa nthambi ya boma yoona za othawa kwawo, ndipo ofesi ya bishopu idziwe za ulendowo.

Kenaka khonsolo ya parishi isankhe kagulu kochepa ka anthu oyendetsa ntchitoyi, ndipo m'kagulumo mukhale othawa kwawo eniake, mwamuna ndi mkazi. Pamene okhulupirira olankhula Chigiriki mumpingo wa ku Yerusalemu anadandaula kuti amasiye awo ankadumphidwa pogawa chakudya, monga tiwerenga m'mutu 6 wa Machitidwe a Atumwi, anthu asanu ndi awiri amene anasankhidwa kukonza vutolo onse anali ndi mayina a Chigiriki. Nzeru imeneyo sinakalambe. Kagulu kopanda mwini nkhani kamagula zimene ife tikuganiza kuti n'zofunika.

Ndinaonapo gulu lina la Akhristu, a mtima wabwino ndithu, litasonkha zovala za kaunjika mabelo awiri n'kukazitsitsa pabwalo popanda mndandanda wa olandira. Uthenga unafalikira msanga, anthu anadza ochuluka kuposa zovalazo, achinyamata amphamvu anakankha amayi a ana kumbuyo, ndipo agogo amene alendowo ankawaganizira pogula katunduyo anabwerera chimanjamanja. Atakhala pansi ndi atsogoleri a mpingo wa pamalopo madzulo ake, anamva kuti chimene chinkawasowetsa tulo chinali sopo, nkhuni zophikira ndi malata a denga la tchalitchi limene linkadontha. Funsani kaye, ndipo mukafunsa musathamangire kulonjeza. Thandizo la bungwe la United Nations loona za chakudya la WFP kwa anthu a pamsasa lakhala likuchepetsedwa kawirikawiri chifukwa cha kusowa kwa ndalama, motero zosowa n'zambiri kuposa thumba la parishi iliyonse. N'kwabwino kusankha chinthu chimodzi chimene mungapitirize chaka ndi chaka, monga fizi ya ana owerengeka kapena mpamba wa gulu la banki m'khonde, kusiyana ndi kuchita chikondwerero cha tsiku limodzi. Mabungwe monga UNHCR, la United Nations loona za othawa kwawo, ndi Jesuit Refugee Service, lomwe lakhala likuyendetsa maphunziro pa Dzaleka kwa zaka zambiri, angakuuzeni pamene pali mpata kuti musabwereze ntchito imene ena akuchita kale.

Koma ntchito imene mpingo wokha ndiwo ungaichite ndi ya m'tchalitchi, ndipo m'pamene pafunika kukhalitsa. Mpingo wa Anglican uli ndi madayosizi ambiri ku Burundi, Rwanda ndi kum'mawa kwa Congo, kotero pakati pa othawa kwawo pali anthu obatizidwa, osanjikidwa manja ndi bishopu, akatekisiti, oimba kwaya, mwinanso ansembe. Munthu wothawa usiku satenga kalata ya ubatizo. Wansembe asamutsekere pakhomo la Mgonero chifukwa chosowa pepala. Akhale naye pansi, amufunse parishi ndi dayosizi ya kwawo, dzina la bishopu amene anamusanjika manja ndi chaka chake ngati akukumbukira, afunefune Mkhristu wina womudziwa, ndipo alembe zonsezi m'kaundula. Pamene pali chikayiko chenicheni ngati munthu anabatizidwa, makamaka ana amene anafika popanda makolo, mwambo wathu uli ndi ubatizo umene wansembe amayamba ndi mawu oti ngati sunabatizidwe kale, kuti tisabwereze sakramenti. Za munthu amene akunena kuti ndi wansembe kapena dikoni sizigamulidwa pa parishi. Nkhaniyo ipite kwa bishopu, yemwe angalumikizane ndi dayosizi ya kwawo asanamupatse chilolezo chotumikira, ndipo podikira yankho munthuyo alemekezedwe, asasekedwe kapena kukayikiridwa poyera.

Chilankhulo ndicho chimaonetsa msanga ngati munthu walandiridwa. Ambiri a pa Dzaleka amamvana m'Chiswahili, ena m'Chirundi, Kinyarwanda kapena Chifalansa, ndipo ana awo amalankhula Chichewa chosalala. Sikofunika kumasulira misa yonse, chifukwa ubwino wa mapemphero athu olembedwa n'ngwakuti Mkhristu wa ku Bukavu ku Congo kapena ku Gitega ku Burundi amadziwa pamene tafika ngakhale asakumva mawu, amadziwa nthawi yogwada ndi yopatsana mtendere. Chokwanira n'chakuti phunziro limodzi liwerengedwe m'chilankhulo chawo, mfundo za ulaliki zinenedwe mwachidule ndi womasulira, ndipo nyimbo imodzi kapena ziwiri ziimbidwe ndi mpingo wonse, osati alendo okha ataimirira kutsogolo ngati chionetsero. Mnyamata wobadwira pamsasa aikidwe pa mndandanda wa otumikira kuguwa, mayi alowe Mothers' Union motsata njira yomwe ena amaloweramo, ndipo amene ali ndi luso la kuwerengera ndalama asaletsedwe kuima pa chisankho cha khonsolo. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pakati pa anthuwa pali aphunzitsi, anamwino, atelala ndi amisiri amene lamulo silikuwalola kulembedwa ntchito, koma mpingo ungapindule ndi nzeru zawo. Ndiponso mawu oti Maburundi, amene ambiri amatchulira wothawa kwawo aliyense ngakhale wa ku Congo, asamveke pa guwa kapena m'zolengeza. Munthu ali ndi dzina.

Pali mafunso amene sitifunsa. Musafunse munthu mtundu wake, chifukwa ena anathawa nkhondo imene inayambira pa funso lomwelo, ndipo m'tchalitchi chimodzi mungakhale anthu a mbali zonse ziwiri. Musamuumirize kupereka umboni wa zimene anaona. Akafuna kufotokoza adzafotokoza yekha, mwina patapita zaka, ndipo womvetserayo asatenge nkhaniyo kukhala chitsanzo cha ulaliki. Zithunzi zisaikidwe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha mwini wake, pakuti ena akusakidwabe ndi amene anawathamangitsa, ndipo zithunzi za ana zisaikidwe n'komwe. Amene wagwiriridwa kapena amene maganizo amusokonekera atumizidwe kwa achipatala ndi alangizi odziwa ntchitoyo, pemphero likupitirira.

Dyera nalo limalowa pamene pali anthu osowa pogwira. Lamulo la parishi likhale lomveka kuti wogawa thandizo sakhala yekha ndi wolandira, ndipo mtsikana wa pamsasa satengedwa kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa Mkhristu m'dzina lomuthandiza. Achinyamata achenjezedwe za anthu olonjeza kuwapititsa ku South Africa mwachinsinsi. Manda a anthu pafupifupi 30, oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia, amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, akusonyeza kumene maulendo otere amathera. Wansembe adzapemphedwanso kulemba makalata othandiza munthu kusamukira ku America, Canada kapena Australia. Alembe zoona zokhazokha, kuti munthuyo ndi wa mpingo kuyambira chaka chakuti, ndipo anene poyera kuti kalata yake siitsegula khomo limenelo, komanso kuti ntchito za UNHCR n'zaulere, wopempha ndalama ndi wakuba.

Musaiwale eni mudzi. Anthu a m'midzi yozungulira msasa nawonso amagona ndi njala m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, amalimbirana nkhuni ndi madzi a pamjigo ndi alendowo, ndipo akaona galimoto za thandizo zikudutsa pakhomo pawo osaima, mtima umawawa. Chilichonse chimene parishi ikuchita chigawidwe mbali zonse: gulu la banki m'khonde likhale losakanikirana, fizi ilipiridwe kwa mwana wa pamsasa ndi mwana wamasiye wa m'mudzi, ndipo mafumu aitanidwe pachiyambi, osati pakabuka mlandu. Anthuwa amakumana kale pamsika wa Lachiwiri pa Dzaleka, ndipo chikondwerero cha nyimbo ndi zaluso cha pamsasapo chotchedwa Tumaini, chomwe chinayamba mu 2014, chimakoka anthu ochokera kutali. Mpingo ungomanga pa ubale umene ulipo.

Maliro ndi ukwati ndizo zimayesa ubalewo. Wothawa kwawo akamwalira kutali ndi abale, milaga ya parishi ichite zonse zimene imachitira Mkhristu wina: kugona pasiwa, kusonkha ufa ndi chipepeso, ndipo ngati maliro akuikidwa m'manda a m'mudzi, kukapempha malo kwa mfumu ndi kulankhula ndi adzukulu. Funsaninso anamfedwa mwambo wa kwawo, chifukwa masiku a kulira ndi kachitidwe kake zimasiyana. Pa ukwati wa Mmalawi ndi wothawa kwawo, vuto limakhala la ankhoswe, popeza amalume ali kutsidya kwa malire kapena anafa. Banja lokhwima la mumpingo lingaime m'malo mwawo ngati mbali zonse zavomereza, ukwatiwo ulengezedwe m'tchalitchi monga mwa masiku onse, ndipo awiriwo afunse ku ofesi ya boma za mapepala awo asanaganize kuti ukwati wasintha zonse.

Maparishi a m'malire, monga a ku Nsanje ndi Chikwawa m'Dayosizi ya Southern Malawi kapena a ku Karonga m'Dayosizi ya Northern Malawi, amakumana ndi anthu tsiku lomwe afika. Akuluakulu akukumbukira kuti pa nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ndipo kumapeto kwa 2024 zikwi zina zinawolokanso kuthawa zipolowe za pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique. Zikatero, perekani madzi, chakudya ndi pogona usiku woyamba, amayi ndi ana padera, lembani mayina, ndipo m'mawa mwake dziwitsani mfumu, apolisi ndi ofesi ya DC kuti anthuwo alembedwe, chifukwa wosalembedwa salandira thandizo ndipo alibe chomuteteza.

Madandaulo okhudza lamulo lenilenilo, monga loletsa kugwira ntchito, parishi iwalembe bwino n'kuwapereka kudzera kwa akidikoni kuti afike kwa bishopu ndi ku sinodi, kumene mawu a mpingo amamveka kuboma. Lamulungu loyandikira pa 20 Juni, tsiku lokumbukira othawa kwawo padziko lonse, n'loyenera kuwerenga Levitiko 19 kapena za kuthawira ku Ejipito kwa Yosefe, Mariya ndi Mwanayo, ndi kupereka lipoti la ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito.

Ena adzachoka, kubwerera kwawo kapena kupita kudziko lachitatu, ndipo nthawi zambiri uthenga umafika kutatsala masiku ochepa. Mlembi wa parishi akonzeretu makalata a ubatizo a ana onse amene anabatizidwa pano, chikalata cha ukwati, ndi kalata yosamutsira banjalo ku mpingo wa kumene likupita, yolembedwa m'Chingerezi, yosainidwa ndi wansembe ndi kudindidwa chidindo cha parishi. Kope la chilichonse litsale m'kabati ya ofesi, chifukwa pakapita zaka mwana wobatizidwa ku Dowa angadzalembe kalata kuchokera ku Bujumbura kapena ku Toronto kupempha umboni wa ubatizo wake pamene akukonzekera ukwati.