Lip balm wanga ankachita nkhungu, vuto linali madzi

Ndimapanga ndekha mafuta opaka pamilomo kuno ku Area 25, phula la njuchi ndi mafuta a mpendadzuwa, ndiye ndinkathiramonso uchi ndi madzi a aloe vera. Pakangotha masabata atatu pamwamba pamabwera timadontho takuda, fungo ngati mafuta okazingira mandasi kachitatu. Zinandiwawa kwambiri poti ena ndinali nditawapatsa achemwali anga.

Ndinaika mufiriji, ndi magetsi athuwa palibe chinasintha. Ndinawonjezera vitamin E, nkhungu inabweranso basi.

Kenako ndinamvetsa kuti vitamin E sapha nkhungu ayi, amangochedwetsa mafuta kuti asasase msanga, nkhungu imafuna madzi ndipo madziwo ndinkawalowetsa ndekha ndi aloe uja, uchinso sugwirizana ndi mafuta umangokhala pansi. Ndinachotsa zonse ziwiri.

Pano ndimasungunula phula gawo limodzi ndi mafuta a kokonati magawo atatu, ndikaphula pamoto ndimathira theka la galamu la vitamin E pa magalamu 100 alionse, wamakapisozi wa ku famase uja. Timabotolo ndimapukuta ndi spirit nkudikira tiume mbee, ndipo sinditseka zikadali zotentha chifukwa nthunzi nayonso ndi madzi. Omwe ndinapanga mu Okutobala, kotentha kuja, mpaka pano ali bhobho.