Momwe mungakaonere nsanja ya Capelinhos, imene tsinde lake linakwiririka ndi phulusa la phiri lophulika

Nsanja younikira sitima zapanyanja ya Capelinhos ili kumadzulo kwenikweni kwa Faial, chimodzi mwa zilumba 9 za Azores, za dziko la Portugal, zimene zili m'nyanja ya Atlantic. Nyali yake inayamba kuwala mu 1903 ndipo inazima mu 1957, phiri litaphulika m'nyanja pafupi ndi gombe.

Choyamba, konzani zikalata zoyendera. Portugal ali m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, choncho amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Mozambique ayenera kupeza viza asananyamuke. Kuchokera ku Lisbon pali ndege zopita ku Horta, tauni yaikulu ya Faial, ndipo ngati muli kale pachilumba cha Pico, sitima yonyamukira ku Madalena imawoloka m'mphindi pafupifupi 30. Abale athu aku Tete, amene Chipwitikizi amachiyankhula bwino, sangavutike kufunsa njira.

Mukafika ku Horta, bwerekani galimoto kapena pangananani ndi wataksi kuti adzakudikireni, chifukwa mabasi opita kudera la Capelo, kumene kuli nsanjayi, ndi ochepa. Ulendowu sukwana ola. Valani nsapato zotseka ndi jekete, pakuti kumalo amenewa kulibe mitengo yotchinga mphepo, ndipo ikamawomba imanyamula phulusa n'kumalimwaza m'maso.

Mukatsika galimoto, mtima umathamangira kukwera nsanja, koma ine ndikukulangizani kuti muyambe mwatsikira pansi. Nyumba yofotokoza mbiri ya phirili, imene inatsegulidwa mu 2008, anaimanga pansi pa phulusa kuti isasokoneze maonekedwe a malowo, ndipo kumeneko n'kumene mumagula matikiti. Muli mkatimo mudzamva kuti pa 27 September 1957, alonda amene ankaunguza anangumi panyanja kuti adziwitse osaka ndiwo anaona nyanja ikuwira, ndipo kuphulikako kunapitirira miyezi 13 mpaka pa 24 October 1958. Palibe amene anamwalira, komabe phulusa linafotsera minda ndi nyumba, ndipo zivomerezi za mu May 1958 zinagwetsa nyumba zambiri m'mudzi wapafupi wa Praia do Norte. Chaka chomwecho dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola mabanja ovutikawo kusamukira kumeneko, ndipo ena mwa amene analilimbikitsa anali maseneta John Pastore ndi John F. Kennedy. Anthu zikwizikwi anachoka pachilumbachi. Munthu amene wakwera nsanja asanamve zonsezi amangoona mchenga wakuda ndi chibwinja basi.

Kenako kwerani. Masitepe alipo pafupifupi 140 ndipo ndi ozungulira, choncho amene ali ndi vuto la mawondo kapena amachita chizungulire aganize kaye. Musanalowe, yang'anitsitsani nyumba imene nsanjayo yaimapo: mawindo amene mukuwaona pafupi ndi nthaka ndi a chipinda chapamwamba, chifukwa chapansi chinamira m'phulusa. Mukafika pamwamba, yang'anani kumadzulo. Pamene oyang'anira nyali ankaona madzi okhaokha ndi tizilumba tamiyala, lero pali chitunda chotuwa chimene kunalibe 1957 isanafike. Phirilo linawonjezera malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2.4 ku Faial, koma mafunde ndi mphepo zadya kale malo oposa theka. Apa mpamene mumamvetsa chifukwa chake nyaliyo sinayatsidwenso: mtunda watsopanowo unaitchinga kwa sitima zimene inkayenera kuunikira.

Mukatsika, yendani m'tinjira tololedwa tokha, chifukwa phulusa la m'mphepete mwa maphompho limagumuka mosavuta, ndiponso malowa ndi otetezedwa, moti miyala yake muisiye pomwe mwaipeza. Ngati nthawi ilipo, tsetserekani ku Porto do Comprido, doko laling'ono limene osaka anangumi ankanyamukirapo ndi mabwato awo. Musanakwerenso galimoto, vulani nsapato muzikuntha bwino, chifukwa phulusalo limakhala litadzaza mpaka m'masokosi.