Mwatsuka kompyuta imodzi, nanga zinzake za pa wifi yomweyo?

Miyezi yapitayi ndaona vuto limodzi lomwelo kangapo konse mpaka landiwawa mumtima. Kompyuta yagwidwa ndi vayirasi, mwini wake waipititsa kwa okonza, aifufuta yonse nkuikamo Windows kachiwiri, wabwera nayo kunyumba wailumikiza pa wifi yomwe ija, sabata isanathe matenda abwerera. Nde amayamba kudandaula kuti okonza aja angomudyera ndalama. Ayi abale, nthawi zambiri okonza amakhala alibe mlandu. Vayirasi inatsala m'nyumba momo, mu kalaputopu kakale kaja komwe ana amaonerapo makatuni, komwe palibe anakaganizira chifukwa eti kamayakabe bwinobwino.

Inde vayirasi imatha kuchoka pa kompyuta ina nkukalowa ina kudzera pa netiweki ya pakhomo. Si onse ayi, ambiri amadikira kuti munthu adine kaye kenakake, koma ulipo mtundu wina wotchedwa worm umene umayenda wokha. Rauta yanu, kabokosi kamene kamapereka wifi kaja, imatchinga zambiri zochokera kunja, koma mkati zida zonse zimaonana ndipo zimakhulupirirana. Imodzi ikangogwidwa imayamba kufufuza zinzake kuti ione khomo losatseka, ndipo pa Windows khomo lomwe lavutitsa kwambiri ndi la SMB, pa port 445, lomwe makompyuta amapatsirana mafayilo ndi printa.

Vayirasi yotchedwa WannaCry inayenda choncho. Pa 12 Meyi 2017 inayamba kufala ndipo m'masiku ochepa inali itagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, ku England zipatala zina mpaka zinabweza odwala. Chomwe chimandipweteka nchakuti Microsoft anali atatulutsa kale chigamba chotseka bowo limenelo mu Marichi, miyezi iwiri zisanachitike, anthu sanangoika basi. Ndipo mpaka lero chizolowezi nchomwecho, kompyuta ikati ikufuna update, yomwe imabweretsa zigamba zoterezi, munthu amadina kuti mawa, mawa lakelo nkukhala chaka. Ena anazimitsiratu eti zimadya bandulo. Ena akadali pa Windows 7 yomwe Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, ndiye kuti bowo latsopano likapezeka palibenso wobwera kudzatseka, koma yangokhala phee pa wifi imodzi ndi kompyuta yomwe mumatsegulapo za kubanki.

Anandipeza bambo wina mlimi wa nkhuku za mazira, nkhope ili yakugwa. Zonse amalemba mu Excel, mazira a tsiku lililonse, masiku a katemera, amene anatenga pa ngongole. Foda yomwe munali mafayilo amenewa anaitsegula pa wifi kuti mwana wake aziwathandiza kulemba ali pa laputopu yake, pasiwedi sanaike chifukwa amati nanga m'nyumba muno abe ndani. Mwana uja anatsitsa gemu yaulere ya pulogalamu yobedwa, m'mawa mwake mafayilo onse mu foda ija asintha maina, sakutseguka, pali kakalata kofuna ndalama. Bambo aja ankangobwereza kuti "koma ine pa kompyuta yanga sinditsegulapo zachabechabe" ndipo amanena zoona, yawoyo inalibe vayirasi olo imodzi. Laputopu ya mwana inali ndi chilolezo cholemba mu foda ija, nde inangokhoma mafayilo ili patali. Nditawafotokozera anakhala chete kaye, kenako anati nkhuku yachilendo saiponya m'khola tsiku lomwelo, amaiika payokha kaye kuopa chitopa, nanga izi anazilekerera bwanji. Za ngongole zina anazikumbukira pamutu, zina zinapita.

Ndiye palinso rauta yeniyeniyo, imene anthu amangoiyatsa nkuiwala. Ambiri pasiwedi yolowera mu zoikamo zake ikadali yomwe inabwera nayo, admin admin. Vayirasi ina yotchedwa Mirai mu 2016 inagwira marauta ndi makamera ochuluka zedi pongoyesa mapasiwedi a kufakitale ngati amenewa. Ndipo sindikunena pasiwedi ya wifi yomwe mumapatsa alendo, imeneyo ndi ina, anthu amasokoneza ziwirizi nthawi zonse.

Chochita nde ichi mwachangu. Imodzi ikaonetsa zachilendo ichotseni pa wifi pompo, zulaninso chingwe ngati chilipo, kenako sikanani zonse za m'nyumba ndi antivayirasi, osati yodwalayo yokha, ndipo yotsukidwa isabwerere zinzake zisanaonedwe. Ikani ma update, rauta nayo yomwe. File sharing, kupatsirana mafayilo pakati pa makompyuta kuja, ngati simuigwiritsa ntchito zimitsani, ngati mukuifuna ikani pasiwedi yolimba ndipo ena azingowerenga osalemba. Sinthani pasiwedi ya admin ya rauta ija. Marauta ambiri ali ndi guest network, wifi yapadera yosaonana ndi zida zanu zina, nde alendo, TV, makamera ndi kalaputopu kakale kaja zipite kumeneko. Mapasiwedi a imelo ndi kubanki musinthire pa chida chomwe mukudziwa kuti chili bwino. Fulashi nayo isikanidwe, imanyamula matenda ngakhale wifi itazima. Ndipo hadi dilaivu yosungirako mafayilo anu mukamaliza kukopera muziizula, ikakhala yolumikiza nthawi zonse imakhomedwa limodzi ndi zinazo.